Nyemba za ku Domue Zakwera Mpanda ku Tete

Munthu wobadwira ku Angónia, ku Tsangano kapena kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu sadabwa ndi nyemba. Mvula ikagwa amaponya mbewu m'phando limodzi ndi chimanga, nyembazo nkumadzikwerera zokha pamapesi, ndipo pofika mwezi wa Malichi ana amakhala atatopa kale ndi khwanya ndi zitheba. Kumtundako nyemba ndi ndiwo ya aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe.

Koma munthu yemweyo akakwera shapa pa Ulónguè, nadutsa pa Mussacama ndi pa Moatize mpaka kukatsikira mumzinda wa Tete, amapeza kuti wafika dziko lina. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 200, ndipo ndi wotsetsereka, pakuti Ulónguè ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera panyanja yamchere pamene Tete ali m'chigwa cha Zambezi, pamamita osakwana 200. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula ya chaka chonse imangokhala mamilimita 600 kapena kuposerapo pang'ono. Zimene zimakondwa kumeneko ndi malambe, masawu ndi mbuzi. Nyemba zimene mumaziona zitaunjikidwa pamsika wa Kwachena zambiri zimatsika pagalimoto kuchokera kumtunda komweko, motero mtengo wake umakhala utasenza kale ndalama ya ulendo.

Nkhani ino ndi ya agogo ena a m'dera la Matundo, tsidya la ku Moatize la mlatho wa Samora Machel, amene anakana kuvomereza kuti mumzinda nyemba ndi za pamsika basi. Kwawo ndi kumudzi wina kufupi ndi phiri la Domue, ndipo zaka zawo zapitirira 70. Ali ndi mtundu wa nyemba zokwera, zamawangamawanga, zofiira ndi zoyera, zimene anapatsidwa ndi mayi awo pamene ankalowa m'banja. Nyembazi zilibe dzina la m'mabuku a alangizi. Pabanja pawo amangoti "zija za amayi", ndipo aliyense amadziwa zimene akunena.

Mbewuyi yaona zambiri. M'chaka cha 1986, nkhondo itafika poipa m'boma la Angónia, iwo anathawira ku Dedza monga anachitira anzawo ambirimbiri. Ambiri a inu awerengi simufunika kuuzidwa za masiku amenewo, pamene othawa nkhondo a ku Mozambique m'dziko la Malawi anafika pafupifupi 1 miliyoni. Anachoka ndi mwana kumsana, mphika pamutu, ndi nyemba zodzaza dzanja limodzi zitamangidwa pangodya ya chitenje. Kumalo kumene anafikira analibe munda, koma anali ndi mpanda wa udzu, ndipo nyembazo anazidzala m'tsinde mwa mpandawo chaka ndi chaka. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, anadikira kaye kuti aone ngati ndi zoona, ndipo pobwerera kwawo mu 1994 mbewu ija inabwerera nawo limodzi.

Ku Tete sanapiteko mwa kufuna kwawo. Amuna awo atamwalira, miyendo inayamba kuwavuta, ndipo mwana wawo wamwamuna, yemwe uja anali kumsana pothawa, anati sangawasiye okha kumudzi. Iyeyu anali atapeza ntchito yoyendetsa galimoto pa nthawi imene mgodi waukulu wa malasha wa ku Moatize unayamba kutulutsa malasha mu 2011, anthu nkumakhamukira ku Tete kuchokera kumbali zonse. Tsono mu 2013 agogowa anatsika kuchigwa ndi katundu wochepa, ndipo pakati pa zovala panali botolo la nyemba zosakaniza ndi phulusa.

Chodabwitsa choyamba anakumana nacho pamsika. Atafunsa nyemba, wogulitsa anawapimira khobwe. Iwo anaganiza kuti mnyamatayo akuwaseka, koma ayi ndithu, pakuti m'Chipwitikizi cha ku Mozambique khobwe ndiye amatchedwa feijão nhemba, pamene nyemba zimene inu mumazidziwa amazitchula maina ena monga feijão manteiga. Ichi chokha chinali chokwanira kuwauza kuti m'dziko lotentha mwini mudzi ndi khobwe, nyemba ndi mlendo.

Mvula yoyamba itagwa mu Disembala, manja anawayabwa monga amachitira mlimi aliyense. Komabe pokhala munthu amene anasunga mbewu m'nkhondo, sanakhuthule botolo lonse. Anawerenga nyemba khumi zokha nkuzidzala kuseri kwa nyumba kuti aone nthaka ya eni ake. Zinamera msanga, zinakwera mofulumira kuposa kumudzi, masamba ake obiriwira ngati a fodya, mpaka anthu odutsa ankaima kuyamikira. Maluwa anatuluka ochuluka, koma m'mawa uliwonse ankawapeza atayoyokera pansi. Pofika Malichi panalibe ngakhale chitheba chodzaza mbale. Chinali chikomekome cha nkuyu.

Chifukwa chake akatswiri a zaulimi amachidziwa bwino. Nyemba ikamachita maluwa imafuna usiku wozizira. Masana akamapitirira madigiri 30 ndipo usiku osatsika pansi pa madigiri 20, mungu wa m'duwa umafooka, duwa silibereka, limangothothoka. Ku Tete m'nyengo ya dzinja usiku umakhala wotentha chomwecho pafupifupi tsiku lililonse. Khobwe, nandolo ndi nkhungudzu zimapirira zimenezi, koma nyemba ayi.

Agogowa sanamve izi kwa katswiri, anamva kwa mayi wina woyandikana nawo nyumba, Mnyungwe, amene ali ndi dimba m'mphepete mwa mtsinje wa Revúbuè. Zilankhulo zawo zinkakumana pakati, wina Chinyungwe wina Chichewa, koma ankamvana.

"Amayi, kuno sitidzala zimenezi ndi mvula," anatero mayiyo. "Dikirani mpaka muyambe kufuna chofunda usiku. Tsiku limene mudzatulutse bulangete m'sutikesi, mawa lake dzalani."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Agogowa anamvera, ngakhale kuti kudikirako kunali ndi mantha ake. Mbewu ya nyemba ikakhala malo otentha imafa msanga, ndipo ya m'botoloyo inali itakwanitsa chaka chikololereni. M'nyumba ya malata ya ku Matundo botolo linkachita kufunda ngati lili pafupi ndi moto. Analichotsa nkuliika pansi, kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, pamene dothi limakhala lonyowa. Kumayambiriro kwa Epulo anatenganso nyemba khumi nkuzikulunga m'chiguduli chonyowa. Patatha sabata, zisanu ndi imodzi zinatulutsa mizu, zinayi zinavunda. Apa anadziwa kuti akalephera chaka chimenecho, mbewu ya mayi awo yathera pomwepo.

Ntchito yoyamba inali nthaka. Ya kuseri kwa nyumbayo ndi youma, yamiyala, yoti khasu limachita kudumpha. Anatuma adzukulu kukumba ngalande m'mbali mwa khoma, yotalika mapazi asanu ndi limodzi a munthu wamkulu, yozama masentimita 30, ndipo anaidzaza ndi dothi losakaniza ndi manyowa a mbuzi owolerana bwino. Manyowa a mbuzi ku Tete sasowa, koma aawisi amatentha mizu, tsono amafunika kuwaunjika ndi kuwathirira kwa milungu ingapo asanalowe m'nthaka. Feteleza wa chimanga sanathiremo. Nyemba ili ndi timatuza pamizu yake mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaikokera chakudya kuchokera mumpweya, ndipo ikapatsidwa feteleza wotere wambiri imangochulutsa masamba. Anasankha khoma limene limatchinga dzuwa la madzulo, kuti mbewu zizilandira la m'mawa lokha ndi la masana pang'ono.

Ntchito yachiwiri inali mitengo yoyangapo, ndipo apa ndi pamene munthu wa kumudzi amadziwira kuti ali m'tauni. Kumudzi phesi la chimanga ndi laulere. Ku Tete kamtengo kalikonse nkogula, ndipo nyemba yokwera imafuna kotalika mamita awiri kapena kuposerapo. Agogowa anagula mphanda zitatu zolimba ndi mtanda wapamwamba, ndipo mayi wa dimba uja anawabweretsera mtolo wa bango la kumtsinje. Bangolo analizika awiriawiri mopendekeka, mitu yake nkukumana pamtanda, namanga ndi linya la m'matayala akutha. Kumanga kotereku kumapirira mphepo ya mwera imene imaomba mu Juni ndi Julayi. M'tsinde mwa mphanda anathira phulusa chifukwa cha chiswe, ndipo mitengo yonse anaizika asanadzale, kuopa kudzadula mizu pambuyo pake.

Bulangete linatuluka m'sutikesi sabata yoyamba ya Meyi. M'mawa mwake anadzala nyemba zitatu patsinde pa bango lililonse, kuya kwake ngati mfundo ziwiri za chala, podziwa kuti zina sizimera. Zinayamba kutuluka patatha sabata imodzi. Pamene zinamera zonse zitatu anazulapo yofooka nkusiya ziwiri. Zitatulutsa nsonga zofunafuna pogwira, anaphunzitsa adzukulu chinthu chimene ana a m'tauni sachidziwa: nyemba imazungulira mbali imodzi yokha, motsutsana ndi mivi ya wotchi ukaiyang'ana uli pamwamba pake. Ukaikulunga mbali inayo, mawa umaipeza itadzimasula.

Madzi ndiwo anali nkhani yaikulu, pakuti kuyambira Meyi mpaka Okotobala ku Tete mvula kulibe, ndipo madzi a pampopi ndi olipira mwezi ndi mwezi. Mzere wonsewo unkamwa zigubu ziwiri za malita 20 patsiku, ndipo nthawi ya maluwa zitatu. Agogowa anaika beseni pakhomo pa khitchini loti muzithiridwa madzi otsukira mpunga, ndiwo zamasamba ndi otsukuluzira mbale, koma a sopo wochapira zovala anawakana. Ankathirira m'mamawa, patsinde penipeni, osanyowetsa masamba, ndipo nthaka yonse anaiphimba ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe.

Adani nawo sanachedwe. Pali kantchentche kakuda kamene kamaikira mazira pamasamba oyamba, mphutsi zake nkutsikira m'tsinde, mbewu nkufota ikadali yaing'ono. Mankhwala ake a munthu wosauka ndi kubandira, kukwezera dothi patsinde kuti mbewu itulutse mizu ina pamwamba pa bala. Nsabwe zakuda zimene zimaunjikana kunsonga ankazithira madzi a masamba a nimu osinja ndi kugoneka usiku wonse, ndipo mitengo ya nimu mumzindamo ndi yambiri. Koma mdani woposa onse anali mbuzi za eni ake zimene zimayendayenda m'makwalala. Tsiku limodzi lokha chitseko cha mpanda chikaiwalika, ntchito ya miyezi iwiri itha kulowa m'mimba mwa mbuzi. Mdzukulu wamng'ono anapatsidwa udindo wa chitseko, ndipo malipiro ake anali zitumbuwa.

Patatha mwezi anayamba kutchola khwanya, masamba awiri kapena atatu pambewu iliyonse, osapitirira. Maluwa anatuluka chakumapeto kwa Juni, usiku ukuzizira bwino, ndipo ulendo uno sanayoyoke. Mu Julayi zitheba zinali lendelende. Ubwino wa nyemba yokwera ndi womwewu: yaifupi imabereka kamodzi nkutha, koma yokwera ukamaitchola masiku awiri kapena atatu alionse imapitiriza kutulutsa maluwa kwa mwezi ndi theka kapena iwiri. Komabe agogowa anamanga kansanza kofiira pambewu zisanu ndi imodzi zamphamvu koposa, nalamula kuti pamenepo pasafike dzanja la munthu. Zimenezo zinali za mbewu. Zitauma anazimenya, naziyanika mpaka nyemba inkachita kuthetheka poiluma, nazisakaniza ndi phulusa losefa kuopa anankafumbwe. Botolo linadzazanso, lachiwiri nkufika pakati. Pofika Sepitembala kutentha kunabwerera, akangaude ofiira ang'onoang'ono anadzaza kunsi kwa masamba, ndipo anazula zonse.

Wina angafunse kuti kodi nkhondo yonseyi ya chiyani, pamene nyemba zili pamsika? Yankho lina ndi la malo. Ku Rwanda, dziko la mapiri kumene minda ndi yaing'ono zedi, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ofufuza a m'dzikomo mothandizana ndi bungwe la CIAT anafalitsa mitundu ya nyemba zokwera, chifukwa pamalo omwewo zimatha kubereka kawiri kapena katatu kuposa zazifupi. Munthu wopanda munda amalima chokweza m'mwamba. Ndipotu nyemba ndi mbewu yozolowera ulendo. Kwawo kwenikweni ndi ku America, kumayiko a Mexico ndi kumapiri a Andes, ndipo inafika mu Africa pazombo za amalonda patapita chaka cha 1500, nthawi yomwe Apwitikizi ankakhazikitsa malo awo a malonda m'mbali mwa Zambezi, Tete yemweyu ali m'gulumo.

Mayeso enieni a kadimbaka anabwera mu 2016, ndipo sanachokere ku dzuwa kapena kwa mbuzi. Mtengo wa malasha pa dziko lonse unali utagwa, ntchito zambiri zinatha, ndipo mwana wawo uja anali m'gulu la okhala pakhomo. Chaka chomwecho kunali chilala, chimanga chinakwera mtengo. Iye ndi mkazi wake anagwirizana zomanga chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe panali nyemba, tomato ndi repu wa agogo. Mwanayo anazengereza masiku angapo asanalankhule.

"Amayi, musaone ngati ndi chipongwe," anatero madzulo ena. "Ana akufuna makope, magetsi akufuna ndalama. Chipinda chimabweretsa ndalama mwezi uliwonse, dimba ndi la miyezi inayi yokha."

"Ndamva, mwana wanga. Nyumba ndi yanu," anayankha agogowo. "Koma ndifunseko apongozi angawa. Apongozi, m'miyezi inayi imeneyo, kumsika mumapita kangati kukagula ndiwo?"

Mpongoziyo anakhala chete pang'ono, pakuti ndiye amagwira ndalama ya ndiwo. "Zoona amayi, nthawi ya zitheba ndimangogula mafuta, mchere ndi kansomba. Koma madzinso amakwera, amayi. Pepala la madzi ndimaliona ndine."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo nchifukwa chake nkhaniyi inatenga milungu. Pomaliza chipinda chinamangidwa. Tomato ndi repu zinatha, ndipo agogowa mpaka lero amadandaula akaona mtengo wa tomato pamsika. Koma anapempha chinthu chimodzi, kuti pakati pa chipinda chatsopano ndi mpanda pasiyidwe kanjira kotambalala phazi limodzi lalikulu. Anapemphanso kuti mawaya otsala pomanga awakoke kuchokera pampanda kufika padenga la khitchini. Chaka chotsatira nyemba zinakwera mpanda, zinayenda pamawaya, nkupanga mthunzi pamalo pomwe mpongozi amaphikira. Wobwereka chipinda woyamba, mphunzitsi wamkazi wochokera ku Macanga, atangoona khwanya anayamba yekha kuthira madzi ake otsukira mpunga m'beseni lija.

Kuyambira pamenepo mbewu sinadumphe chaka. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira nkuononga nyumba ndi madimba kumbali ya Chingodzi, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pamtsinje womwewo. Mayi wa dimba uja anataya mbewu zake m'madzi, ndipo amene anamuyambitsanso ndi kapu ya nyemba anali agogo omwe iye anawaphunzitsa za bulangete.

Chinthu chimene agogowa sankachidziwa nchakuti kumudzi kwawo nyemba zija zinali zitasowa. Ogula a pamsika amafuna nyemba za mtundu umodzi, zofanana maonekedwe, zodzaza thumba, motero anthu pang'onopang'ono anasiya mitundu yakale yosakanikirana nkumadzala yokhayo imene ili ndi msika. Palibe amene anaganiza zotaya mbewu ya makolo, kungoti aliyense ankayesa kuti mnzake akusunga. Mu Julayi 2024 mwana wa mchemwali wawo anabwera ku Tete kudzadikirira wodwala kuchipatala chachikulu, nagona ku Matundo. M'mawa atatuluka panja anaima nkugwira pakamwa.

"Amayi aakulu, kodi izi si zija za agogo? Kumudzitu tinazifunafuna, palibe ndi mmodzi yemwe ali nazo."

Pobwerera anatenga nyemba zodzaza kapu ziwiri za mbewu ya chaka chapitacho, zitamangidwa m'kansalu. Agogowa anamutsanzika ndi malangizo akuti kumtunda adzale ndi mvula monga kale, m'chimanga, ndipo akakolola agawireko nyumba zosachepera zitatu, kuti ikafa kwa wina ipezeke kwa wina.

Inu amene muli ndi ana kapena abale ku Tete, ku Moatize ngakhale ku Songo, mukamawatumizira thumba la nyemba zodya, muziikamo ndi kabotolo ka mbewu yokwera, ndipo muziwauza kuti kuchigwa adzale kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, osati mu Disembala. Muyang'anenso m'nkhokwe ndi m'mitsuko yanu ngati mitundu ija munkadya muli ana ikadalipo, ndipo ngati yatsala kwa gogo mmodzi m'mudzi, musadikire maliro ake kuti mukaipemphe.

Ku Matundo miyendo ya agogo aja tsopano siilola kuima nthawi yaitali. Amakhala pampando pansi pa mawaya nkumaloza ndi ndodo. Amene amakumba ngalande ndi mdzukulu uja wa chitseko, yemwe tsopano ndi mnyamata wamkulu, ndipo amene amamanga kansanza kofiira pambewu zosunga ndi mpongozi wawo.